Chipepeso pa Imfa ya Mbusa Jeffrey Mwambelo, Amene Anasunga Mlaliki Manase

BUNGWE LA ABUSA A MIPINGO YA KU ULIWA NDI WOVWE
Lachitatu, 16 Okutobala 2024

Kwa Mayi Violet Mwambelo, ana awo Reginald ndi Angel, ndi abale onse a malemu. Kwa Akhristu a Mpingo wa Mthunzi wa Mtanda pa Uliwa. Ndiponso kwa anthu onse a dera lino.

Ife abusa makumi atatu a mipingo yosiyanasiyana, amene timakumana m'bungwe lino mwezi ndi mwezi, talandira ndi kunjenjemera ndiponso ndi chisoni chachikulu uthenga wa imfa ya mbale wathu, mtumiki mnzathu komanso mlembi wa bungwe lathu, Mbusa Jeffrey Mwambelo, amene anagwa Lamulungu lapitali ali pa gome la Mgonero m'tchalitchi chawo pa Uliwa, natisiya m'mawa wa Lolemba, pa 14 Okutobala, ku chipatala cha ku Karonga. Akulu anati tsoka silinunkha, ndipo ife taona ndi maso athu kuti sananame, pakuti Lachinayi lapitalo tinali nawo pa msonkhano ali angwiro, cholembera chili m'manja, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaganiza kuti akumva mawu awo komaliza. Mitima yathu yasweka pamodzi ndi yanu, ndipo mpando wawo pakati pathu sitikudziwa kuti tiuyang'ana bwanji.

Malemu anabadwa m'chaka cha 1961 kufupi ndi Uraha, m'banja la alimi a chinangwa, ndipo pa ubusa sanafikepo mochita kudumpha. Makwerero onse a mpingo wawo anawakwera limodzi limodzi: anakhala dikoni, nakhala mkulu wa mpingo, natumikira zaka zinayi ngati mlaliki, kenaka analowa sukulu ya ubusa, nayesedwa zaka ziwiri ngati mbusa wophunzira, kufikira pamene anasanjikidwa manja m'chaka cha 1995. Anaweta nkhosa ku mapiri a Chitipa ndi kumpoto kwa boma lino, kumene zivomezi za mu Disembala 2009 zinawapeza. Ndipo ngakhale nyumba yawo inangong'aluka khonde lokha, anakana kulowamo, nakhala pabwalo pamodzi ndi Akhristu awo masabata asanu ndi limodzi, ati mbusa sagona m'nyumba nkhosa zili panja. Pa Uliwa anafika mu 2012, ndipo patapita zaka zinayi mpingo wawo unawaika kukhala woyang'anira chigawo chonse cha kummwera kwa Karonga. Anafolera ndi malata nyumba zopemphereramo zisanu ndi ziwiri, anayambitsa sukulu ya kwacha ya amayi ogulitsa nsomba, anamasulira nyimbo makumi anayi m'Chinkhonde, ndipo anayanjanitsa alimi a mpunga a ku Wovwe pa mkangano wa madzi umene unatsala pang'ono kukhetsa mwazi. Njinga yawo yamoto yakalekale inkamveka iwo asanaoneke, ndipo odwala ambiri m'midzi muno ankalimba mtima pongomva kutsokomola kwake. M'bungwe lathu anali mlembi zaka zisanu ndi zitatu, mlembi wosayang'ana nkhope, amene ankalemba m'buku ngakhale dzina la mbusa amene wawodzera pa msonkhano. Wapampando amene akulemba uthenga uno analembedwamo kawiri.

Mwambo wa mauthenga otere umafuna kuti tikafika apa tipereke mawu a chitonthozo ndi kutseka. Koma tikhala onyenga pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu ngati tibisa chimene chikutinjenjemeretsa koposa imfayi. Pali ntchito imodzi ya malemu imene kuchoka kwawo kwaisiya pambalambanda, ndipo ntchitoyo ndi munthu wamoyo, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu kudza chimodzi, Mlaliki Manase Kishombe, amene akukhala m'nyumba ya mbusa pa Uliwa. Tikuopa kuti Loweruka likudzali, pa tsiku loika maliro, anthu ena akufuna kuwapha. Tanena poyera ndi pa pepala, chifukwa kunong'ona n'kumene kwatha okalamba ambiri m'boma lino.

Achinyamata a lero, amene anabadwa mudzi uliwonse uli kale ndi mbusa wa kolala m'khosi, sadziwa kuti mlaliki ndani. Kale abusa odzozedwa anali ochepa kwambiri, ndipo ankafika m'mudzi kamodzi pa miyezi itatu kudzabatiza ndi kudzanyema mkate, kenaka n'kubwerera ku siteshoni ya mishoni. Masiku onse otsalawo mpingo unali m'manja mwa mlaliki. Ndiye ankaliza belu, ndiye ankaphunzitsa kalasi ya ubatizo, ndiye ankaika maliro, ndiye ankawoloka mitsinje yosefukira Baibulo ali nalo pamutu. Koma malamulo a mipingo yathu, amene ambiri a ife tinawalandira kwa amishoni n'kuwasunga mokhulupirika kuposa eni ake, amati mlaliki sabatiza, sanyema mkate, savala kolala kapena mkanjo, ndipo alibe nyumba ya mpingo. Akakalamba timamupatsa Baibulo latsopano ndi bulangete, timamuombera m'manja, n'kumuperekeza pa siteji ya basi.

Umu ndi mmene zinakhalira ndi Mlaliki Manase. Anatumikira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, poyamba wapansi, pambuyo pake pa njinga yakapalasa. Katatu anapempha kulowa sukulu ya ubusa, ndipo katatu anabwezedwa chifukwa sukulu analekezera sitandade sikisi. M'chaka cha 1973, ali ku Uraha, m'kalasi yawo ya ubatizo munali mwana wina wa alimi a chinangwa, dzina lake Jeffrey, ndipo iwo ndiwo anamuphunzitsa kutsegula Baibulo osayamba wafufuza pa tsamba loyamba. Atapuma mu 2006 anabwerera kwawo ku Wovwe ndi kupitiriza kuphunzitsa ana popanda wowatuma. Mkazi wawo anamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo anapita ku Mbeya ndipo sanamvekenso, ndipo iwo anatsala okha m'kanyumba ka m'mphepete mwa minda ya mpunga.

M'mwezi wa Malichi 2021 mdzukulu wa mng'ono wawo anamwalira ndi malungo. Kumanda wina anafunsa kuti n'chifukwa chiyani ana akufa pamene nkhalamba yosowa wake ikungokhalabe ndi moyo. Funso lotere kuno silidikira yankho. Pofika masana nyumba ya mlaliki inali phulusa, ndipo iwo, mutu utang'ambika ndi mwala, anakwezedwa ndi dalaivala wina wachifundo pa lole ya mpunga imene inkapita ku Uliwa. Anyamata a m'mudzimo anawatsatira pa njinga zamoto n'kuwapeza pamsika wa pa Uliwa. Amene anawapulumutsa pa mphindi imeneyo sanali mbusa, sanalinso Mkhristu. Anali Bambo Anwar Ajasi, wamalonda wa Chisilamu wochokera ku Mangochi, amene anawakokera m'sitolo mwake pakati pa matumba a shuga, natseka chitseko chachitsulo, naimbira foni Mbusa Mwambelo.

"Abusa, thamangani," anatero Bambo Ajasi. "Ndili ndi munthu wanu muno, magazi okhaokha. Panja pali anyamata, petulo ali naye m'chigubu. Chitseko changachi sichipirira nthawi yaitali."

Mayi Violet atifotokozera kuti foniyo inapeza amuna awo akukonza njinga ija kuseri kwa nyumba, manja ali oilo yekhayekha. Sanasambe. Anangovala malaya akuda ndi kolala, nayamba wapansi.

"Adada, dikirani apolisi," anawapempha mayiwo, atawagwira mkono pachipata.

"Apolisi ali panjira, ndawaimbira," anayankha malemu. "Koma moto sudikira."

Atafika pamsika anaima pachitseko cha sitolo, msana atautsamiza pa chitsulo. Sanalalikire ndipo sanakuwe. Anayang'ana khamulo nayamba kuitana anyamatawo mmodzi mmodzi ndi maina awo a ubatizo, kufikira anafika pa amene ananyamula chigubu.

"Iwe Khumbize, tsitsa icho pansi. Ndinakubatiza ndine, koma amene anakuphunzitsa Pemphero la Ambuye, mawu ndi mawu, iwe mamina ali tcho, ndi munthu ali mkatimu. Linene tsopano, tonse timve."

Khumbize sanalinene pempherolo, koma machesi sanayatsenso. Malemu anagogoda, Bambo Ajasi anatsegula, ndipo mbusa anatuluka atagwira mlaliki wake padzanja, nadutsa naye pakati pa khamu mpaka ku nyumba ya mbusa. Ndi mtunda wa mphindi khumi. Mayi Violet anaima pachipata kuwaonerera akubwera.

Nkhondo yachiwiri inabwera itavala majekete. Amene sali a m'banja la ubusa mwina sadziwa kuti nyumba ya mbusa si ya mbusa. Ndi ya mpingo, imakhalamo mbusa wodzozedwa ndi banja lake basi, ndipo mbusa akamwalira, wamasiye amapatsidwa miyezi itatu kuti alongedze. Choncho akulu a komiti anabwera ndi buku la malamulo, nakhala pansi mwaulemu wonse.

"Ŵaliska," anatero wamkulu wawo, monga timaitanira abusa kuno, "lamulo likuti nyumba iyi ndi ya mbusa na banja lake. Mlaliki alibe gawo muno, nanga uyu ndiye wopuma kale. Anthu akuyankhula."

Malemu anaitanitsa kaundula wa banja la mbusa, ndipo pansi pa maina a ana awo analembapo kuti: Manase Kishombe, adada anga. Anabweza bukulo nati, "Lamulo lakwaniritsidwa. Amene akutsutsa andionetse munthu wina amene anandibala mwa Khristu."

Chifundo chimenechi sichinali chaulere. Mabanja ena anasiya kubwera ku tchalitchi. Amayi amene ankabweretsa nkhuni ku nyumba ya mbusa anayamba kuzitula pamsewu. Alendo ankakana madzi akumwa a m'nyumbamo, ngakhale pa dzuwa la ku Karonga limene limawotcha ndi mthunzi womwe. Mayi Violet atiloleza kunena, ndipo tikuwalemekeza chifukwa cha ichi, kuti iwonso mwezi woyamba ankapatula mbale ya mlaliki ndi kubisa mbale za adzukulu awo, pakuti mantha sasankha kuti uyu ndi mkazi wa mbusa. Koma anaona nkhalambayo ikudzuka m'mamawa kusesa bwalo la tchalitchi, ikupempherera ndi maina anthu omwe anaitenthera nyumba, ndipo tsiku lina anangotenga mbale ija n'kuiika pamodzi ndi zinzake. Kuyambira pamenepo akhala akuwaphikira phala ndi kuwachapira ngati apongozi awo enieni.

Apa tiyenera kuulula tchimo lathu. Pa msonkhano wathu wa mu Epulo chaka chomwecho, malemu anaimirira natipempha kuti, popeza mutu umodzi susenza denga, mbusa aliyense azisunga Mlaliki Manase mwezi umodzi, kuti mkwiyo wa anthu usaunjikane pa nyumba imodzi. Tinalipo tonse, ndipo aliyense mwadzidzidzi anapeza chinthu chochititsa chidwi pa nsapato zake. Ine wapampando ndinati nyumba yanga ndi yaing'ono, pamene ili ndi zipinda zinayi. Chimene ndinkaopa sichinali kuchepa kwa nyumba. Ndinkaopa kuona mabenchi a tchalitchi changa opanda anthu, ndiponso ndinkaopa chigubu chija. Mlembi wathu anakhala pansi, natsegula buku, nalemba mawu awiri okha: Palibe anayankha.

Tsopano timve zimene zinachitika Lamulungu, pakuti zikusimbidwa mokhota pamsika ndi m'maminibasi. Mlaliki saloledwa kunyema mkate, koma malemu anawapatsa Mlaliki Manase ntchito ina yaing'ono ya pa Mgonero, yobweretsa beseni ndi thaulo kuti mbusa asambe m'manja asanakhudze mkate. Ntchitoyi akhala akuigwira zaka zitatu pamaso pa mpingo wonse. Lamulungu limeneli anathira madzi monga mwa masiku onse, mbusa anapukuta manja, nanyamula mkate. Ndipo asanamalize mawu oyamba, mkate unagwa m'manja mwawo, mbali ya kumanja inalefuka, nagwera pa gome. Galimoto isanafike n'komwe ku Karonga, mawu anali atayamba kale kuyenda akuti abusa amenyedwa hamala ya afiti, ndipo dzanja lomaliza kuwakhudza linali la nkhalamba ija anaisunga.

Ndi chilolezo cha banja, tikulengeza zoona zake. Mbusa Mwambelo akhala akudwala matenda othamanga magazi kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo buku lawo la kuchipatala lili ndi Mayi Violet kwa aliyense wofuna kuliwerenga. Madokotala anena kuti mtsempha wa m'mutu unaphulika. Mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo, chifukwa munthu amene ankakumbukira dzina la wodwala aliyense m'chigawo chonse ankaiwala kabotolo kake pa windo. Bambo awo owabereka anamwalira ndi matenda omwewa mu 1988, Mlaliki Manase ali kutali kwambiri. Palibe hamala, palibe mfiti. Pali munthu amene anatopetsa thupi lake potumikira ife, ndi nkhalamba imene yataya mwana wake.

Koma tikudziwa kuti bodza lili ndi njinga yamoto pamene choonadi chimayenda wapansi. Dzulo masana, amayi akuimba nyimbo za maliro pabwalo la nyumba ya mbusa, njinga zisanu zinaima pachipata. Okwerawo sanatsike ndipo sanavule zipewa. Mmodzi anakuwa kuti, "Fwiti iyo muyifumiske!" kutanthauza kuti atulutsidwe munthu amene iwo akumutcha mfiti. Ataona kuti palibe akusuntha, wina anati, "Tikumanenge pa Chisulo," ndiko kuti tikumana Loweruka, ndipo analiza njinga zawo n'kumapita. Mayi Violet akuti nyimbo inafera pakamwa pa amayi onse, ndipo iwo anaiwala kwa kanthawi kuti ndi wamasiye. Anadzuka pamphasa, chimene mwambo sulola, nathamangira ku chipinda cha kuseri kukaona ngati chitseko chili chotseka.

Aliyense wobadwira kuno akuudziwa msampha umene waikidwa. Munthu wosapita ku maliro a mnansi wake timati akudziwapo kanthu, ndipo Mlaliki Manase akakhala m'nyumba Loweruka, adzakhala atadziweruza okha. Akapita, mwambo wa mpingo uwaika pamalo oopsa kuposa onse. Pa maliro a mbusa, mdipiti wochoka ku tchalitchi kupita kumanda umayenda mwa maudindo. Abusa odzozedwa amatsogola atavala mikanjo, amene anayamba kudzozedwa patsogolo, ndipo ndiwo amanyamula bokosi. Pambuyo pawo pamabwera banja, kenaka akulu a mpingo, madikoni ndi amayi a chigwirizano. Mlaliki wopuma, amene alibenso udindo wolembedwa, amayenda kumapeto kwenikweni, pamene mzere wa mpingo umathera ndi khamu la anthu wamba limayambira. Njira yake imadutsa pamsika pomwe paja, ndipo munthu woyenda ndi ndodo amatsalira.

Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo ife tinakumana lero m'mawa. Tinagwirizana kuti mwambo ugonje, mlaliki avekedwe mkanjo ndi kuyenda kutsogolo pakati pa abusa. Tinadziona ngati anzeru ndi owolowa manja. Ine ndi wachiwiri wanga, Mbusa Yunike Mwalilino, tinapita kukawauza, ndipo Mayi Violet anatulutsa mkanjo wa malemu m'kabati n'kutitsogolera ku chipinda cha kuseri kwa khitchini. Chitseko chinali chotsamizidwa ndi mtondo mkati, ndipo mlaliki anauchotsa atamva mawu a Mayi Violet. Titalowa anabwerera kukakhala pa bedi, jekete lili pa msomali, nsapato za Loweruka atazipukuta kale.

"Adada," ndinatero, "Loweruka muvala mkanjo uwu, muyenda pakati pathu kutsogolo. Palibe adzakukhudzeni."

Anaulandira mkanjowo, nausisita nthawi yaitali, kenaka anauika pa bedi.

"Ŵaliska, chovala ichi ndinachipempha katatu ndili na mphamvu, anandiuza kuti sukulu yanga njochepa. Lero sukulu yanga yakwana chifukwa anyamata agula petulo? Yayi."

"Ndiye tikunyamuleni pa galimoto," anatero Mbusa Mwalilino. "Mukatsikira kumanda komweko."

"Galimoto ya magalasi otseka? Adzati fwiti yabisala. Amama, mukuwadziwa anthu athu."

"Kodi simukuopa, adada?"

"Ndikuopa chomene," anayankha, ndipo misozi inatsika osaipukuta. "Chiyambire Lamulungu chakudya sichikutsika. Njinga ikadutsa pamsewu, ndimayang'ana kuchitseko. Moto ndinauona ukudya nyumba yanga, ndikudziwa mmene umalirira. Sindikufuna kufa nawo. Koma mwana uja ndinamuphunzitsa ndine kuti mu mpingo aliyense ali na malo ake, ndipo malo ochepa si malo a manyazi. Iye sanandiveke za wina kuti andisunge, anandisunga ndili Manase. Ndikavala bodza pa maliro ake, ndidzamuyang'ana bwanji? Ndiyenda pamalo anga."

Abusa awiri, amene pamodzi talalikira zaka zoposa makumi asanu, tinaima m'kachipinda kaja ngati ana osakonzekera mayeso. Amene anayankhula anali Mayi Violet. Anapinda mkanjo wa amuna awo pang'onopang'ono, naufungatira pachifuwa, natiyang'ana.

"Ine mwambo ukundiika pafupi na bokosi, ndipo sindingagawike pawiri. Koma amuna anga sakuopanso kanthu. Amene akuopa ali kumbuyo. Nanga inu, ŵaliska, mudzakhala kuti?"

Funso limeneli tinabwerera nalo kwa anzathu masana ano, ndipo ulendo uno layankhidwa. Tikulengeza kwa banja, kwa mpingo ndi kwa anthu onse, mogwirizana ndi akuluakulu a Mpingo wa Mthunzi wa Mtanda, kuti Loweruka bokosi la Mbusa Jeffrey Mwambelo lidzanyamulidwa ndi akulu a mpingo ndi madikoni amene anatumikira nawo. Ife abusa makumi atatu, titavala mikanjo ndi makolala athu, sitidzatsogola. Tidzayenda kumapeto kwa mdipiti, pamalo a mlaliki wopuma, ena kumanja kwawo, ena kumanzere, ena kumbuyo kwawo, pa liwiro la ndodo yawo. Chiyambire mipingo yathu m'dera lino sizinachitikepo kuti mbusa aikidwe abusa anzake ali kumchira, ndipo alipo amene adzati tanyoza malemu. Ife amene tinawadziwa tikukhulupirira kuti aka kadzakhala koyamba kuti tiime pamene iwo ankafuna kuti tiime.

Tadziwitsa apolisi ndi mafumu, ndipo atilonjeza kuti adzakhalapo. Tikukumbutsa onse kuti malamulo a dziko lino amaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Bambo Ajasi ndi amalonda anzawo atiuza kuti adzatseka masitolo ndi kuima m'mbali mwa msewu, ndipo pamene tinawathokoza anati, "Kwathu maliro akamadutsa timaimirira, kaya ndi a ndani. Loweruka tidzangoimirira pafupi pang'ono." Za miyezi itatu ya nyumba ya mbusa, talembera likulu la mpingo kupempha kuti banja lisafulumizidwe, ndipo tsiku limene Mayi Violet adzalongedze, nyumba za abusa a bungwe lino zidzakhala zotsegukira Mlaliki Manase, kuyambira ndi yanga.

Kwa inu anyamata a pa njinga zisanu zija, ndi ena amene akukutumani ali m'mithunzi, tikuyankhula ngati makolo anu. Sitikukuonani ngati zilombo. Ambiri a inu munataya ana ndi abale, ndipo chisoni chikasowa kopita chimafuna munthu womugwera. Koma nkhalamba imene mukuifuna sinakulandeni mbusa wanu, ndipo mwazi wake sudzadzutsa wakufa aliyense. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inunso mudzamera imvi, ndipo ana amene adzaime pamsika Loweruka adzaphunzira kwa inu mmene amachitira ndi munthu wa imvi. Bwerani ku maliro, malo alipo, koma mubwere manja ali opanda kanthu.

Sitikudzitama kuti ndife olimba mtima. Ena mwa ife mabanja awo awachonderera kuti adwale Loweruka. Ena tikudziwa kuti Lamulungu lotsatira tidzapeza mabenchi ena opanda anthu. Mkanjo ndi nsalu chabe, suletsa mwala ndipo umayaka msanga. Munthu amene ankadziwa kuima pachitseko wapita, ndipo otsalafe ndife aja tinayang'ana nsapato. Tikupempha Akhristu onse, Asilamu onse ndi anthu onse akufuna kwabwino kuti atipempherere, ndipo amene angathe adzayende nafe.

M'malo mwa abusa onse a bungwe lino, mabanja athu ndi mipingo imene tikuitumikira, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu Mayi Violet Mwambelo, kwa Reginald ndi Angel, kwa adzukulu, kwa abale a ku Uraha, kwa nkhosa zimene zatsala zopanda mbusa, ndi kwa inu adada Manase Kishombe, amene mukulira mwana wanu chitseko chili chotseka. Mulungu wa chitonthozo chonse, amene ali tate wa ana amasiye ndi mtetezi wa akazi amasiye, akulimbitseni pa masiku owawa ano, akupukuteni misozi, ndipo alandire mtumiki wake mu mpumulo umene sanadzipatse ali moyo.

Mayi Mwambelo, Loweruka mudzafika kumanda ife tisanafike, pakuti ndodo ya mlaliki siyenda msanga. Dzuwa lidzakhala likuswa mtengo, ndipo anthu adzakuuzani kuti nthawi yatha. Tikukupemphani chinthu chimodzi chokha: musalole kuti bokosi litsikire m'manda kufikira mutawaona adada Manase akulowa pachipata cha kumanda ndi miyendo yawo.

Ife anu m'chisoni ndi m'mantha omwewa,

Mbusa Gordon Sichali
Wapampando, Bungwe la Abusa a Mipingo ya ku Uliwa ndi Wovwe